Funsani Amakaniko: malimu otakata pa galimoto yokoka ndi kutsogolo

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani ya malimu, ndiye tawayankha pamodzi. Galimoto zotchulidwa ndi zomwe zadzaza m'misewu ya Harare, za ku Japan zokoka ndi matayala akutsogolo: Fit, Vitz, Aqua, Note ndi Wish. Khalani ndi cholembera pafupi, muli masamu pang'ono.

Funso: Akuluakulu, ndili ndi Honda Fit GE6. Malimu ake ndi olembedwa 14x5.5J 45 ndipo matayala ndi 175/65R14. Ndaona magi, malimu a aluminiyamu aja, okongola mu Kaguvi Street, 15x7J ET35, a mabowo anayi. Wogulitsa akuti bola mabowo alowa, zinazo zilibe ntchito. Ndigule?
Bambo wa ku Highfield

Yankho: Bambo, ndalamazo zikhale kaye m'thumba. Kulowa kwa mabowo kumangosonyeza kuti limu likhoza kumangidwa. Ngati likhoza kuyenda osakhula paliponse, zimenezo zili m'manambala enawo.

15 ndi kukula kwa limu m'mainchi. 7 ndi kutakata kwake, m'mainchinso, koma poyeza mkati, pakati pa milomo iwiri pamene pamakhala tayala. Mukayeza kunja ndi tepi mupeza kuti laposa ndi inchi imodzi kapena kucheperapo. J akunena kaumbidwe ka mlomowo, ndipo malimu ambiri akale a ku Japan amalembedwa JJ. ET ndiyo offset, chidule cha mawu a Chijeremani akuti Einpresstiefe. Ndi mtunda wa m'mamilimita kuchokera pakatikati pa limu kufika pa nkhope yosalala ija imene imakhudza habu, chitsulo chozungulira chimene limu limamangidwapo. Nambalayi ikakula, limu limabisala mkati mwa galimoto. Ikachepa, limatuluka kunja. Anthu ambiri amazitembenuza, n'kumaganiza kuti ET50 ndiye wotuluka kwambiri.

Galimoto yokoka ndi kutsogolo imakhala ndi offset yaikulu chifukwa CV joint (mfundo ya kumapeto kwa shafiti yoyendetsa tayala), belingi, diski ndi caliper (chopanira mabuleki) zonse ziyenera kulowa m'mimba mwa limu. N'chifukwa chake mafakitale amaikapo ET yoyambira cha m'ma 38 mpaka kupitirira 50 pang'ono, pomwe malimu a mabaki ambiri amakhala ndi ET yaing'ono kwambiri.

Tsopano masamu. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo limu likatakata limakulira mbali zonse ziwiri mofanana. Kuchoka pa 5.5 kufika pa 7 ndi inchi imodzi ndi theka, mamilimita 38, kutanthauza 19 kunja ndi 19 mkati. Kenako offset: kuchoka pa 45 kutsikira pa 35, limu lonse lasunthira kunja ndi mamilimita 10. Kunja mumaphatikiza, 19 ndi 10, mlomo watuluka ndi 29. Mkati mumachotsera, 19 kuchotsa 10, mlomo wayandikira shokapu ndi 9. Offset yatsopano ikanakhala yaikulu kuposa yakale mukanatembenuza: kuchotsera kunja, kuphatikiza mkati.

Mamilimita 9 a mkatiwo pa Fit si vuto kawirikawiri. Vuto ndi 29 akunjawo. Pa limu la 7J simungaike 175/65, chifukwa tayala limenelo limafuna limu la pakati pa 5 ndi 6. Muyenera kugula 195/50R15, lomwe limalola 5.5 mpaka 7, ndipo tayala likakhala pa limu lotakata limatambasuka ndi mamilimita pafupifupi 5 pa theka lililonse la inchi. Phewa la tayala lanu lidzatuluka ndi mamilimita pafupifupi 25 kuposa pamene lili lero. Dziyezereni nokha pakhomo: imikani galimoto pamalo athyathyathya, matayala atawongoka, mangani nati kunsonga ya ulusi, n'kulendeweza ulusiwo kuchokera pa mlomo wa madigadi, molunjika pakati pa tayala. Yezani mpata wa pakati pa ulusi ndi tayala cha pamwamba. Muyezenso mlomo wopindikira mkati wa madigadi akumbuyo, chifukwa umenewo ndi umene umacheka. Mpata ukachepera 25, galimoto ili yopanda anthu zioneka bwino ndithu, koma mukakweza anthu atatu kumbuyo n'kukwera hampu ya mu Machipisa mudzamva kuti khwee, ndipo pa phewa la tayala padzaoneka mzere wochekeka wozungulira ngati wadulidwa ndi lezala.

Ngati mtima uli pa saizi 15, funafunani 15x6J ET45 ndi matayala a 185/55R15. Limu limenelo limakula ndi mamilimita 6 okha mbali iliyonse, pakati pa tayala pamakhala pomwe Honda anapaika, ndipo msinkhu wa tayala ndi mamilimita 585 poyerekeza ndi 583 a tayala lanu lakale, moti sipidomita siinama. Mukafuna zotakata pang'ono, 15x6.5J ET42 ndi 195/50R15 ndiwo malire amene ife tingavomereze: 16 kunja, 10 mkati. Tayalalo ndi lalifupi pang'ono, mamilimita 576, ndiye galimoto itsika pang'ono, ndipo Fit ndi yofupika kale.

Funso: Ndinachotsa malimu a 14x5J 39 pa Vitz yanga n'kuikapo 15x7J ET20, chifukwa ndimafuna galimoto iime motangadza. Chiyambire pamenepo chiwongolero chimandilanda ndikamanyamuka mwamphamvu pa maloboti, ndikagwa m'dzenje chimamenya m'manja, ndipo belingi yakutsogolo yayamba kulira patangotha miyezi yochepa. Alayimenti ndapangitsa kawiri. Chalakwika n'chiyani?
Mnyamata wa ku Mabvuku

Yankho: Achimwene, a alayimentiwo alibe mlandu. Makina awo sangakonze zimenezi, chifukwa chasintha ndi malo amene tayala likupondera.

Tayala lakutsogolo likamakhota limazungulira pa mzere wosaoneka. Mzerewo umayambira pamwamba pa shokapu pamene yamangidwa kubodi, n'kudutsa pa ball joint yam'munsi mpaka kukagunda pansi, ndipo ndi wopendekeka, kumunsi kwake kukuloza kunja. Pa phula pali malo awiri ofunika: pamene mzerewo wagunda, ndi pakatikati pa pamene tayala laponda. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa amautcha scrub radius. Pa galimoto zambiri zokoka ndi kutsogolo mtundawu ndi waung'ono, ndipo kawirikawiri mzere umagunda kunja pang'ono kwa pakati pa tayala. Audi 80 ya mu 1972 ndi imene inatchukitsa kapangidwe kameneka, makampani ena n'kutsatira.

Ganizirani chitseko. Mukachikankha pafupi ndi mahinji sichisuntha msanga, koma mukachikankha kumapeto chimatseguka ndi chala chimodzi. Inu mwasunthira pakati pa tayala kunja ndi mamilimita 19, kuchoka pa 39 kufika pa 20, ndiye chilichonse chimene chikukankha tayalalo chapeza pogwira patali. Dzenje likamenya tayala, limalikhotetsa, chiwongolero n'kukumenyani m'manja. Injini ikakoka, zimachitikanso chimodzimodzi. Pa Vitz injini inagona chopingasa ndipo giyabokosi ili mbali imodzi, choncho shafiti ina ndi yaifupi, ina yaitali, ndipo ma joint ake sapendekeka mofanana. Kakusiyana kameneka kamakhalapo nthawi zonse, koma fakitale inakabisa posankha offset. Mwakaulula ndinu.

Pali china chimene simunachione, ndipo tikupempha kuti musadzachione. Mabuleki a galimoto zimenezi amagawidwa chopingasa: tayala lakutsogolo kumanja limagawana paipi ndi lakumbuyo kumanzere, enawo chimodzimodzi. Paipi imodzi ikaphulika, kutsogolo kumagwira tayala limodzi lokha ndipo galimoto imafuna kuthawira mbali imeneyo. Offset ya fakitale imachititsa kuti tayala logwiralo lidzikhotetse pang'ono mobweza, galimoto n'kuima mowongoka. Ndi ET20 chithandizo chimenecho chachepa kapena chatembenuka. Ngakhale mabuleki ali bwinobwino, mukaponda tayala lina lili pa phula, lina pa mchenga wa m'mbali mwa msewu, mudzalimbana nacho chiwongolero.

Za belingi nazonso n'zosadabwitsa. Belingi yakutsogolo ili ndi mizere iwiri ya timipira, ndipo inapangidwa kuti kulemera kwa galimoto kuzigwera pamalo amodzi odziwika. Tayala likatuluka, mzere umodzi umasenza zambiri, monga mmene ndowa ya madzi imalemerera mukainyamula dzanja litatambasuka. Ball joint ndi tie rod end nazo zikudya chilango chomwecho. Sinthani belingiyo, koma mukasiya malimuwo yatsopanoyo idzaliranso.

Mlomo wa malimu anu watuluka ndi mamilimita 44 yonse, 25 a kutakata ndi 19 a offset, ndiye tikukhulupirira kuti m'nyengo ya mvula zitseko zimakhala matope okhaokha ndipo penti ya m'munsi yayamba kugomoka ndi timiyala. Agulitseni kwa wa galimoto imene akuyenera. Inu funani 15x5.5J kapena 15x6J ya ET pakati pa 38 ndi 45. Muyezo umene amakaniko ambiri amayendera ndi wakuti offset isasiyane ndi ya fakitale kupitirira mamilimita 5. Mpaka 10 galimoto imapirira koma dalaivala watcheru amamva kusintha.

Funso: Ku Magaba ndapeza malimu anayi otchipa koma palibe pamene palembedwa ET. Ndingaidziwe bwanji?
Mayi wa ku Mbare

Yankho: Mayi, yambani mwapukuta kuseri kwa masipoko ndi nsanza ya parafini, chifukwa manambala amakonda kubisala pansi pa fumbi la mabuleki. Malimu a ku Japan nthawi zambiri salemba ET, amangolemba 45 kapena +45 pafupi ndi saizi. Pa malimu achitsulo yang'anani pakati pa mabowo a manati kapena pafupi ndi valavu.

Zikakanika, yezani, ndipo limu likhale lopanda tayala. Ligonekeni pa katoni nkhope yake ili pansi. Ikani chitsulo chowongoka chopingasa pamwamba pa mlomo wakumbuyo. Yezani kuchokera pansi pa chitsulocho kufika pa nkhope imene imakhudza habu; tinene kuti mwapeza mamilimita 134. Kenako yezani kutakata konse kwa limu, mlomo mpaka mlomo kunja kwake, tinene 178. Gawani 178 pawiri, 89. Chotsani 89 pa 134, yatsala 45. Imeneyo ndiyo offset. Masipoko akakhala otukuka kupitirira mlomo, musayeze kuchokera pansi, yezani pa milomo yeniyeniyo. Ndipo yezani onse anayi. Malimu ochokera pa galimoto zokoka ndi kumbuyo amabwera awiri otakata, awiri opapatiza, koma nkhope zofanana.

Mabowo nawo ayezeni. Akakhala anayi, yezani pakati pa bowo kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo: 100 kapena 114.3. Samalani ndi 98 ya Fiat, imene ndi maso imaoneka ngati 100 koma imapinda masitadi, mabawuti a pa habu amene manati amamangidwapo. Akakhala asanu, yezani mabowo awiri oyandikana: mamilimita 59 ndiye 5x100, mamilimita 67 ndiye 5x114.3. Musanalipire, pemphani kuti limu lililonse likazunguliridwe pa makina a balansi muone ngati likuvina, ndipo yendetsani chala pa mlomo wamkati kufuna ming'alu ndi zipsera za kuwotcherera. Mlomo wamkati ndi umene umapindika m'maenje chifukwa ulibe masipoko ouchirikiza.

Funso: Malimu a Vitz ya mlongo wanga anakana kukhala pa Fit yanga ngakhale mabowo ndi 4x100 onse. Kenako ndinagula a Nissan Note, analowa, koma galimoto imanjenjemera ikafika pa 100. Balansi ndapangitsa.
Bambo wa ku Mufakose

Yankho: Bambo, nkhani ili pa bowo lalikulu lapakati. Habu ili ndi kamlomo kotuluka kamene limu limakhalirapo kuti likhale pakatikati. Pa Toyota zing'onozing'ono monga Vitz ndi Aqua, komanso Mazda Demio, kamlomoko ndi mamilimita 54.1. Pa Honda Fit ndi 56.1. Pa Nissan March ndi Note ndi 60.1. Limu la bowo lalikulu limalowa pa habu yaing'ono, koma la bowo laling'ono silingalowe pa habu yaikulu. Munachita bwino kusakakamiza a Vitz aja. Ena amamanga manati ndi mphamvu, limu n'kukhala pa kamlomo m'malo mogona pa nkhope ya habu, ndipo manati amamasuka galimoto ili pa liwiro. Bowo likhoza kukuzidwa ndi mamilimita 2 pa makina a lathe ngati limu lili ndi mnofu wokwanira, koma osati ndi tupa kapena galainda.

A Note awo ali ndi mpata wa mamilimita pafupifupi 4, ndiye akukhala chopendekera kumbali. Gulani timikombero totseka mpatawo, timene m'mashopu amati spigot ring, ta 60.1 kunja ndi 56.1 mkati. Magi a m'mashopu ambiri amabwera ndi bowo la 67.1 kapena 73.1, ndipo nawonso amafuna timikombero tomweto ta saizi yake.

Koma tikukayikira kwambiri manati. Manati a fakitale a Honda ali ndi tsinde lobulungira ngati mpira. Malimu a Nissan ndi magi ambiri a m'mashopu ali ndi mabowo osongoka a madigiri 60. Nati yobulungira ikalowa m'bowo losongoka imagwira pa kamzere kochepa, imadya limu, ndipo imamasuka. Masulani imodzi muone: mupeza kamkombero kowala kopyapyala m'bowomo m'malo mwa chizindikiro chotakata. Musabwereke manati a Note, chifukwa mazinga a Nissan ndi M12x1.25 pomwe a Honda ndi Toyota ndi M12x1.5, nati yolakwika imalowa kawiri kapena katatu kenako n'kupha sitadi. Chimene mukufuna ndi manati osongoka a M12x1.5. A Toyota dziwaninso kuti magi a fakitale yanu amayendera manati a tsinde lathyathyathya okhala ndi washala, omwe sagwira pa malimu ena.

Pomanga, palani dzimbiri pa nkhope ya habu ndi burashi yawaya, musapake girisi pa mazinga, yambani nati iliyonse ndi dzanja, tayala lili m'mwamba, n'kumanga chopingasa. Malizani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira: 108 Nm pa Fit, 103 Nm pa Toyota zotere. Anyamata a pamatayala amakonda kudumphira pa sipanala yoikako paipi, akanizeni mwaulemu. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, yesaninso manati onse.

Funso: Aqua yanga inabwera ndi 15x5J 39 ndi matayala a 175/65R15. Ndagula malimu enieni a Toyota a Aqua yomweyo, 16x6J 51, ndi 195/50R16. Ndikakhotetsa mpaka kumapeto matayala akukhula mkati. Zitheka bwanji poti ndi a fakitale? Mnzanga akuti ndiike masipesa.
Mphunzitsi wa ku Dzivarasekwa

Yankho: Aphunzitsi, funso lanu latisangalatsa chifukwa msampha umenewu umakola ngakhale odziwa. Werengani nafe: limu latakata ndi inchi imodzi, 13 mbali iliyonse, ndipo offset yakwera ndi 12. Kunja simunasinthe kanthu, milimita imodzi yokha, koma mkati mwalowa ndi 25. Toyota ankadziwa zimenezi. Aqua yotuluka m'fakitale ndi saizi 16 inachepetsedwa kakhotedwe kuti tayala lisafike pokhula, ndipo m'mabuku ake imatembenuka pa mamita 5.7 pomwe ya malimu aang'ono imatembenuka pa mamita 4.8. Yanuyo imakhota kwambiri ngati kale, ndiye tayala likufika pamene silinayenere kufika.

Khotetsani mpaka kumapeto, zimitsani galimoto, suzumirani ndi tochi. Mupeza malo owala ngati apolishidwa pa pulasitiki yamkati kapena pa chitsulo cha bodi, mwina ndi timfumbi takuda ta labala. Chofunika kuposa zonse ndi kuona kuti limu kapena tayala silikukhudza paipi ya labala ya mabuleki ndi waya wa ABS. Pakati pa tayala ndi shokapu pazitsala mamilimita osachepera 5, koma 8 kapena 10 ndiye bwino, chifukwa tayala limafufuma mukakhota pa liwiro.

Sipesa, kambale kachitsulo koikidwa pakati pa habu ndi limu, imachotsa pa offset mofanana ndi kukhuthala kwake. Ya mamilimita 5 isandutsa ET51 kukhala ET46, ndipo kwa inu zimenezo zikubwezerani kufupi ndi 39 ya galimoto yanu, ndiye pano sipesa ikukonza, sikuwononga. Koma ili ndi malamulo ake. Nati iyenera kugwira mazinga otalika ngati kunenepa kwa sitadi, mamilimita 12, ndiko kuti kuzungulira ka 8 pa M12x1.5. Werengani pomanga. Ikazungulira ka 5 kapena ka 6 n'kulimba, mufunika masitadi aatali. Kamlomo ka habu kazitsalabe kotulukira kuti limu likhalepo. Sipesa yathyathyathya ya mamilimita 8 kapena 10 imakameza konse, galimoto n'kuyamba kunjenjemera. Zija za mabowo ambirimbiri zoti zimalowa pa galimoto iliyonse zisiyeni pa shelefu, ndipo masipesa awiri asasanjikizidwe. Zokhuthala za mamilimita 15 kupita m'tsogolo, zomangidwa pa habu ndi manati akeake, sizikukukhudzani, zingakutulutsireni tayala kunja.

Mwina mamilimita 5 sangathetse kukhulako kwathunthu ndi tayala la 195. Njira yoyera ndi 16x6J ya ET42 kapena pafupi ndi pamenepo, ndi matayala a 185/55R16, omwe msinkhu wake ndi mamilimita 610 poyerekeza ndi 609 a tayala lanu lakale.

Funso: Kodi ndingaike malimu otakata kumbuyo kokha pa Demio, ngati mmene zimakhalira pa BMW?
Mtsikana wa ku Glen View

Yankho: Chemwali, ayi. BMW imeneyo imakankha ndi kumbuyo, n'chifukwa chake mphira wambiri uli kumeneko. Demio imakoka, kukhota ndi kugwira mabuleki ambiri ndi kutsogolo. Mukawonjezera kumbuyo kokha, galimoto imakonda kupitirira mowongoka pa kona, makamaka pa phula lonyowa. Simungathenso kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, pomwe akutsogolo ndi amene amatha msanga. Ndipo misinkhu ikasiyana, ABS imasokonezeka.

Funso: Mu Disembala ndikupita kumudzi ku Malawi pa Toyota Wish, tili anthu 7 ndi katundu. Pano ili ndi 15x6J 45 ndi 195/65R15. Ndikufuna ndikafike ndi saizi 17, abale akaone kuti ku Halale sitikugona. Mungandilangize chiyani?
Bambo wa ku Tafara

Yankho: Bambo, mtima umenewo tikuumvetsa, koma msewu wa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza suyang'ana kukongola. Kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, kotentha kwambiri m'chigwa cha Zambezi, ndipo galimoto idzakhala italemera mpaka kumapeto.

Khoma la m'mbali la 195/65R15 ndi mamilimita 127. Pa saizi 17 mudzaika 215/45R17, khoma lake 97. Mamilimita 30 amene mwatayawo ndi amene amalandira nkhonya ya dzenje. Akachepa, tayala limapanikizika pakati pa mphepete ya dzenje ndi limu, ulusi wamkati umaduka, m'mbali n'kutuluka chotupa, kapena limu limapindika n'kuyamba kutaya mpweya. Tayala la 195/65R15 mungalipeze pafupifupi m'tauni iliyonse ya m'njiramo. La 215/45R17 mukhoza kuligonera.

Onaninso nambala ya kulemera imene imalembedwa pambuyo pa saizi. Matayala a 195/65R15 ambiri ndi 91, kutanthauza makilogalamu 615 pa tayala limodzi. A 215/45R17 wamba ndi 87, makilogalamu 545. Ndiye kuti mwachepetsa makilogalamu 140 pa matayala awiri akumbuyo, pa ulendo umene mukuwafuna kwambiri. Alipo a 91 olembedwa XL, koma amafuna mpweya wochulukirapo kuti asenze zimenezo. Limu nalo likhale ndi chidindo chosonyeza kuti linayesedwa kulimba, cha JWL kapena VIA, ngati ndi la ku Japan, ndipo a Probox ndi AD Van onyamula katundu afune la JWL-T.

Ngati mukufunabe kusintha, imani pa 16x6.5J ET45 ndi 205/55R16 a 91. Msinkhu ndi mamilimita 632 poyerekeza ndi 635 a tayala lakale, khoma ndi 113, ndipo limu limakula ndi 6 okha mbali iliyonse. Yezani mabowo musanapite kogula: Wish zambiri ndi 5x100, koma zina, monga 2.0Z yakale ya bodi yotakata, ndi 5x114.3. Matayala akakhala akaunjika, werengani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwa tayala, osonyeza nthawi imene linapangidwa. 2319 ndiye sabata ya 23 ya 2019, ndipo pa ulendo wotere ife sitingakweze banja pa tayala lopitirira zaka 6. Sipeya ikatsala pa limu lakale, sungani manati ake 5 m'kathumba pamodzi ndi jeke.

Gwirizanani ndi wogulitsa kuti muyesa kaye limu limodzi musanalipire onse. Limangeni kutsogolo lopanda tayala, lizunguzeni ndi dzanja muone ngati masipoko akusiya mpata wa mamilimita 3 kapena kuposerapo pa caliper. Matayala akalowa, pakani choko pa mapewa ake ndi pa mlomo wa madigadi, kwezani anthu 7 aja ndi matumba a chimanga kapena a simenti olemera ngati katundu wanu, popani mpweya wa galimoto yodzaza monga zalembedwera pa chikwangwani cha pa khomo la dalaivala, n'kukakwera hampu mopingasa pang'onopang'ono, kenako kukhota mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi chobwerera m'mbuyo. Pamene choko chafufutika ndi pamene pakukhula. Chitani zimenezi kudakali masabata awiri, kuti ngati n'kubweza malimuwo mubweze shopu isanatseke pa Khirisimasi.